Nkhokwe ya Mudzi ndi Nkhokwe ya Maiko: Mbiri ya Chilala ku Chipata

M'phunziro la mbiri la lero tikambirana za chilala ndi njala m'dera la Chipata, m'Chigawo cha Kum'mawa. Pali funso limene mibadwo yonse ya kuno yakhala ikulimbana nalo, ndilo lakuti: mvula ikakana, chakudya chopulumutsa anthu chichokera kuti, ndipo alipire ndani? Makolo athu anayankha funsoli pomanga nkhokwe pakhomo. Boma linaliyankha pomanga nyumba zazikulu zosungiramo chimanga. Masiku ano maiko a dziko lonse lapansi akuyesa kuliyankha posonkha ndalama zothandiza maiko osauka kupirira kusintha kwa nyengo. Tiyenda m'mbiri imeneyi pang'onopang'ono, kuyambira nthawi ya makolo kufikira chilala cha 2024, kuti muone chimene chasintha ndi chimene sichinasinthe.

Dziko la Chipata ndi mvula yake

Mzinda wa Chipata uli pamtunda, pakati pa mapiri, pafupi ndi malire a Zambia ndi Malawi. Pa chaka chabwino pamagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000, kuyambira mwezi wa Novembala kufikira Malichi kapena Epulo. Mitsinje monga Lutembwe imatenga madzi amenewa n'kutsikira nawo ku chigwa cha Luangwa, kumene kumatentha kwambiri ndipo mvula imachepa.

Tsono dziwani ichi, ana inu: mlimi sayang'ana kuchuluka kwa mvula kokha, amayang'ananso nthawi imene yagwa. Chimanga chimafuna madzi ambiri pamene chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Ng'amba ya masabata atatu pa nthawi imeneyo ikhoza kuwononga munda wonse, ngakhale mvula itadzabweranso yambiri m'Malichi. Ndiye chifukwa chake chaka chikhoza kuoneka cha mvula yokwanira m'mabuku a boma, koma nkhokwe za m'midzi zili mbee.

Nzeru za makolo

Achewa, Ansenga, Akunda ndi mitundu ina ya kuno anadziwa kalekale kuti mvula ilibe pangano. Motero sanadalire mbewu imodzi. M'munda umodzi ankabzala chimanga, mapira, mawere, khobwe, nzama ndi maungu, podziwa kuti chimanga chikapserera, mapira ndi mawere zimapirira. M'madambo ankalima madimba m'chilimwe. Azimayi ankafutsa masamba a maungu ndi a khobwe n'kuwasunga m'zikwatu, kuti mfutso udzakhale ndiwo pa nthawi ya kusowa. Chaka cha zokolola zambiri, banja lanzeru linkasiya nkhokwe imodzi osaitsegula.

Nkhokwe ikatha, panali abale. Munthu ankanyamula dengu n'kupita kukasuma kwa achibale a kudera kumene mvula inagwa bwino, ndipo iwo ankamupatsa pokumbukira mwambi wakuti kupatsa n'kuika. Panalinso mfumu, imene inkalandira mtulo pa nthawi ya masika, ndipo anthu ankayembekeza kuti idzawakumbukira pa nthawi ya njala. Mvula ikachedwa, akuluakulu ankathira nsembe pa kachisi, ndipo Achewa ankatumiza amithenga kutali, ngakhale ku Msinja kwa Makewana, m'dziko limene lero ndi Malawi.

Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anadzakhazikika kuno cha m'ma 1870 pansi pa Mpezeni. Nkhokwe yawo yaikulu inali khola la ng'ombe, pakuti ng'ombe ikhoza kusinthidwa ndi chakudya pa chaka choipa. Mwambo wa Nc'wala, umene umachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, unkaletsa anthu kudya zakumunda zatsopano mfumu isanalawe, ndipo lamulo lotere linkathandizanso kuti mbewu zisathe zikadali zanthete.

Musaganize kuti nthawi imeneyo kunalibe mavuto. Chilala chikagwa zaka ziwiri zotsatizana, kapena nkhondo ikalepheretsa anthu kulima, ambiri ankafa ndithu. Koma munthu aliyense ankadziwa kumene nkhokwe ili, mwini wake, ndi khomo loti agogode.

Nthawi ya Fort Jameson

Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Azungu anamanga boma lawo n'kulitcha Fort Jameson, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Limeneli ndilo linadzatchedwa Chipata dziko litalandira ufulu.

Kampani yotchedwa North Charterland Exploration Company inatenga dera lalikulu kwambiri ngati lake, ndipo malo ena achonde anasanduka minda ya fodya ya Azungu. Msonkho unakakamiza amuna ambiri kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi kumigodi, n'kusiya makasu m'manja mwa akazi ndi okalamba. Mu 1928 boma la atsamunda linapatula malo ena n'kulamula kuti anthu akuda azikhala m'menemo. Malowo anali ochepa. Anthu anapanikizana, minda sinkagonekedwanso kuti ibwerere mphamvu, mitengo inatha m'mapiri, ndipo madzi a mvula anayamba kukokolola nthaka n'kusiya zigwembe.

Zinthu zitafika poipa, boma linagula malo ambiri a kampani ija mu 1941 n'kuyamba kusamutsira anthu kumalo atsopano. Alangizi a zaulimi analamula kuti aliyense aunde migula yopingasa pamalo otsetsereka pofuna kuteteza nthaka. Langizolo linali labwino, koma linadza ndi chikakamizo ndi chindapusa, anthu osafunsidwa maganizo awo, kotero kuti ambiri analida. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa tidzaionanso kutsogoloku.

Kwa anansi athu a ku Nyasaland, mvula inakana m'dzinja la 1948 kulowa 1949, ndipo kunagwa njala imene okalamba a ku Blantyre ndi madera ozungulira anaikumbukira moyo wawo wonse. Kumeneko kunaoneka poyera kuti abambo akakhala kutali ndipo minda ikachepa, njira zakale zothandizirana sizikwaniranso.

Phunziro la dzombe

M'zaka zomwezo munachitika chinthu china chimene chitithandize kumvetsa nkhani ya ndalama za maiko. Kuyambira cha m'ma 1930, dzombe lofiira linabuka m'madambo a Mweru wa Ntipa kumpoto kwa dziko lino ndi a Rukwa ku Tanganyika. Linafalikira m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa kwa zaka zoposa 10, likudya mbewu paliponse pamene latera. Dzombe silidziwa malire, ndipo palibe dziko limene likanatha kulimbana nalo palokha.

Mu 1949 maboma angapo anapangana kukhazikitsa bungwe limodzi lolimbana ndi dzombeli, likulu lake ku Abercorn, kumene lero timati Mbala. Boma lililonse linkasonkha ndalama, ndipo antchito a bungweli ankalondera madambo aja kuti aphe dzombe lisanauluke. Chiyambire pamenepo sipanagwenso mliri wa dzombe lofiira waukulu ngati uja. Apa pali zinthu ziwiri zoti muzigwire: maiko anasonkherana chifukwa tsoka linali la onse, ndipo ndalama zinagwira ntchito tsokalo lisanafike.

Ufulu ndi ulimi wa chimanga

Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Boma la Dr Kenneth Kaunda linafuna kuti dziko lizidzidyetsa lokha. Mu 1969 linakhazikitsa bungwe la NAMBOARD logula ndi kusunga chimanga, ndipo kuno Kum'mawa bungwe la Eastern Co-operative Union linkagula zokolola m'midzi. Feteleza ankagulitsidwa pa mtengo wotsika, alimi ankalandira ngongole, ndipo chimanga cha haibulidi monga SR52 chinafala. Pulogalamu ya Lima inaphunzitsa alimi ang'onoang'ono kuyeza munda ndi kuthira feteleza woyenera. Chigawo cha Kum'mawa chinatchuka ndi chimanga, thonje, ndi mtedza wa Chalimbana.

Zokolola zinachuluka ndithu, koma panali ngozi yobisika. Chimanga cha SR52 chimachedwa kucha ndipo chimafuna mvula yokwanira. Mabanja ambiri anasiya mapira ndi mawere, n'kuyamba kugulitsa chimanga chambiri pokhulupirira kuti nkhokwe yaikulu ili m'manja mwa boma. Nkhokwe ya bomayo inkadalira ndalama za mkuwa. Mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975, boma linayamba kukongola kunja, ndipo mu 1989 NAMBOARD inathetsedwa. Motero chilala chachikulu chinadzapeza nkhokwe ya pakhomo itachepa, ya boma itafooka.

Chaka cha chimanga chachikasu

Chilalacho chinagwa m'dzinja la 1991 kulowa 1992, boma latsopano la Frederick Chiluba litangolowa kumene. Chinakhudza maiko onse a kumwera kwa Africa. Chimanga chimene Zambia inakolola mu 1992 sichinafike ngakhale theka la cha chaka cham'mbuyo. Zitsime zinauma, ziweto zinafa, ndipo kunalibe mbale woti n'kukasumako pakuti onse anali m'mavuto amodzimodzi.

Chakudya chinachokera kutsidya kwa nyanja. Sitima zinabweretsa chimanga chachikasu, chambiri chochokera ku America, ndipo chinayenda pa njanji ndi pa malole kufikira m'midzi. Mipingo, mabungwe ndi boma anagwirizana pogawa, ndipo anthu ambiri ankakonza misewu ndi kukumba zitsime n'kulandira chimanga ngati malipiro. Funsani agogo anu, adzakuuzani za nsima yachikasu ya chaka chimenecho. Anthu anapulumuka, koma mabanja ambiri anali atagulitsa kale ng'ombe, mbuzi ndi njinga pa mtengo wolira, ndipo panapita zaka kuti abwerere pamene anali.

Dziko linatolapo nzeru. Mu 1994 boma linatsegula ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yotchedwa DMMU, pansi pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mu 1995 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lobweretsa bungwe la Food Reserve Agency, kuti dziko likhalenso ndi chimanga chosungira chaka choipa.

Chifukwa chake nyengo ikusintha

M'mwezi wa Juni 1992, pamene kuno anthu ankadikira chimanga chachikasu, atsogoleri a maiko anasonkhana ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil n'kusaina pangano loyamba la kusintha kwa nyengo. Akatswiri anali ataona kuti malasha, mafuta a galimoto ndi nkhalango zikamatenthedwa, zimatulutsa mpweya wa kaboni. Mpweyawu umaunjikana mumlengalenga n'kumasunga kutentha kwa dzuwa, monga momwe bulangeti limasungira kutentha kwa thupi. Kuyambira zaka za m'ma 1800 dziko lapansi latentherapo ndi digiri yoposa imodzi.

Zilala zambiri za kuno zimadza pa zaka zimene madzi a m'nyanja ya Pacific afunda kuposa nthawi zonse, chinthu chimene chimatchedwa El Niño. Chimenechi n'chachilengedwe ndipo chinalipo kuyambira kale. Koma dziko likatentha, nthaka imauma msanga, mbewu zimafota msanga, ndipo mvula ikagwa imatha kugwa yamkuntho, monga namondwe Freddy amene anapha anthu mazanamazana kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023.

Tsono nali funso la chilungamo. Africa yense amatulutsa zosakwana magawo 4 pa magawo 100 alionse a mpweya umenewu. Wochuluka unachokera m'mafakitale a maiko olemera, amene analemera potentha malasha ndi mafuta kwa zaka zoposa 150. Mlimi wa kwa Mpezeni kapena kwa Gawa Undi, amene alibe galimoto kapena fakitale, ndiye amene munda wake ukupserera. Pangano la ku Rio linavomereza kuti maiko olemera ali ndi udindo waukulu, ndipo ayenera kuthandiza osauka ndi ndalama. Choncho maiko ngati Zambia amanena kuti ndalamazi si zachifundo ayi, zili ngati chipepeso chimene mwini ng'ombe amapereka ng'ombe zake zikadya munda wa mnzake.

Malonjezo ndi zimene zinaperekedwa

Ndalamazi zili ndi ntchito ziwiri. Ina ndi yochepetsa mpweya woipa, monga kupanga magetsi a dzuwa ndi kusunga nkhalango. Ina ndi yothandiza anthu kupirira nyengo imene yasintha kale, monga kumanga madamu, kuthirira mbewu, kupeza mbewu zocha msanga ndi kuchenjeza alimi za nyengo. Kwa mlimi wa ku Chipata, ntchito yachiwiriyi ndiyo yofulumira.

Mu 2001 maiko anatsegula thumba lothandiza maiko osaukitsitsa, ndipo mu 2007 Zambia inalemba ndondomeko yake yoyamba ya zofunika kuchita mwamsanga. Ku Copenhagen mu 2009, maiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Mu 2010 kunakhazikitsidwa thumba lalikulu lotchedwa Green Climate Fund, ndipo mu 2015 pangano la ku Paris linabwereza lonjezo lija.

Chaka cha 2020 chinafika lonjezo lisanakwaniritsidwe. Malinga ndi kuwerengera kwa bungwe la OECD, linakwaniritsidwa mu 2022, pamene ndalama zinafika madola pafupifupi 116 biliyoni. Mwa zimenezi, pafupifupi 32 biliyoni zokha ndizo zinali zothandiza anthu kupirira. Ndiponso gawo lalikulu linali ngongole zoti zidzabwezedwe. Kwa Zambia, imene inalephera kubweza ngongole zake zakunja mu Novembala 2020, kukongolanso pofuna kudziteteza ku tsoka limene sinalipute ndi katundu wolemera.

Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zotsegula thumba lina lolipirira zimene zawonongeka kale, ndipo ku Dubai mu 2023 analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Ku Baku mu 2024 anaika lonjezo latsopano la madola 300 biliyoni pa chaka pofika 2035. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nafenso tiyenera kusiyanitsa ndalama zolonjezedwa ndi ndalama zimene zafika.

Zimene zafika kuno Kum'mawa

Ntchito yopirira chilala inayamba kuno malonjezo ambiriwa asanaperekedwe. Pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, akatswiri a boma ndi a bungwe la ICRAF anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobwezera chonde m'nthaka, monga jelejele ndi gilisidiya. Anapeza kuti munda wogonekedwa zaka ziwiri uli ndi jelejele umabereka chimanga chambiri ngakhale popanda feteleza. Masamba a mitengoyi akawolerana amathandizanso nthaka kusunga chinyontho. Makolo ankadziwa kale zofanana ndi zimenezi pa mtengo wa nsangu, umene umayoyola masamba m'dzinja, chimanga n'kumakula bwino pansi pake.

Kuyambira 1996 bungwe la Conservation Farming Unit linaphunzitsa ulimi wa m'maenje, umene kuno ambiri amautcha gamphani. Mlimi amakumba maenje m'chilimwe, amasiya mapesi m'munda osawatentha, ndipo amabzala ndi mvula yoyamba. Dzenje limasunga madzi pa nthawi ya ng'amba. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo lili ndi fakitale ku Chipata, limagula mtedza, soya, mpunga ndi uchi kwa alimi amene asiya kupha nyama zakuthengo n'kuyamba kusamala nthaka ndi mitengo.

Ndalama zazikulu zinafika pambuyo pake. Mu 2017 Banki ya Dziko Lonse inavomereza madola pafupifupi 33 miliyoni a ntchito yotchedwa Zambia Integrated Forest Landscape Project, ya Chigawo cha Kum'mawa. Inaphunzitsa alimi ulimi wosamala nthaka, inathandiza midzi kukhazikitsa magulu oyang'anira nkhalango zawo monga lamulo la nkhalango la 2015 limalolera, ndiponso inathandiza malo osungira nyama a Lukusuzi ndi Luambe. Mu 2018 Green Climate Fund inavomereza madola 32 miliyoni a ntchito ya SCRALA m'maboma 16 a mvula yochepa, ndipo mwa iwo munali Mambwe, Nyimba ndi Chama. Mu 2024 boma linasaina pangano lakuti chigawo chino chikhoza kulandira mpaka madola 30 miliyoni ngati chichepetsa kudula ndi kutentha nkhalango. Ndalama zoterezi zimalipidwa akatswiri akayeza n'kutsimikiza kuti mitengo yasungidwadi.

Si zonse zimene zinayenda bwino. Kukumba maenje m'nthaka youma ndi ntchito yowawa, ndipo udzu umavuta kupalira. Alimi ena anatsatira njirazi pa nthawi imene ankalandira mbewu ndi zipangizo, n'kuzisiya ntchitoyo itatha. Banja losauka silingasiye kuotcha makala ngati lilibe njira ina yopezera ndalama ya sopo ndi ya mankhwala. Kumbukirani migula ya nthawi ya atsamunda ija: langizo limakhazikika pamene mlimi waona yekha phindu lake ndipo anafunsidwa poyamba.

Chilala cha 2024

Chiyeso chachikulu chinadza m'dzinja la 2023 kulowa 2024. Alimi anabzala, chimanga chinamera, koma kuyambira chakumapeto kwa Januwale mvula inadula kwa masabata angapo otsatizana, dzuwa likuswa mtengo. Pa 29 Febuluwale 2024, patangopita masiku ochepa chichitikire Nc'wala, mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, kuphatikizapo a Kum'mawa. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anawonongeka. Dziko linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene chaka cham'mbuyo linakolola oposa 3 miliyoni. Madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali tsiku lililonse, zigayo ndi mashopu n'kuima.

M'mwezi wa Epulo boma linanena kuti likufuna K23.5 biliyoni kuti lithandize anthu oposa 6 miliyoni. Banki ya Dziko Lonse inapereka madola 208 miliyoni, osati ngongole, kuti mabanja ovutika alandire ndalama m'manja. Inshuwalansi ya chilala imene boma linagula ku bungwe la African Risk Capacity inalipira madola pafupifupi 10 miliyoni. Anthu ambiri anagwira ntchito zachitukuko m'madera awo n'kumalipidwa ndalama.

Yerekezani tsono. Zimene Zambia yokha inafuna pa chilala chimodzi zinaposa madola 900 miliyoni, pamene zimene maiko analonjeza ku Dubai kuti zithandize maiko onse ovutika zinali pafupifupi 700 miliyoni. Nkhokwe ya maiko ilipo, koma ikadali yaing'ono poyerekeza ndi khamu limene likuiyang'anira.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Choyamba, thandizo lofika chilala chisanagwe limaposa lofika njala italowa kale m'nyumba. Damu, chitsime, mbewu yocha msanga ndi chenjezo la pa wailesi zimateteza ng'ombe ndi mbuzi za banja kuti zisagulitsidwe. Ndi mmenenso dzombe linagonjetsedwera.

Chachiwiri, nkhokwe yakutali silowa m'malo mwa nkhokwe ya pakhomo. Banja limene lili ndi chinangwa, mbatata, mapira, khobwe, dimba ndi mbuzi zingapo limatha kudikira thandizo popanda kugulitsa khasu. Mu 2025 mvula inagwa bwino ndipo dziko linakolola chimanga choposa matani 3.5 miliyoni. Chaka chotere ndicho chosungira, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Chachitatu, makolo ankadziwa khomo loti agogode, ndipo ifenso tiyenera kulidziwa. Ndalama zoperekedwa m'dzina la alimi a Kum'mawa ndi zawo. Nduna ya mudzi, khansala, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi mlangizi wa zaulimi ayenera kufotokozera anthu kuti zabwera zingati, ndi mphatso kapena ngongole, ndipo zagwira ntchito yanji. Kufunsa mwaulemu mafunso otere si chipongwe. Ena mwa inu, ana, mudzakhala alangizi, owerengera ndalama za boma, kapena nthumwi za Zambia pa misonkhano ya maiko, ndipo mudzafunika kudziwa mbiri imeneyi bwino lomwe.

Zochita m'kalasi

Aphunzitsi, thandizani ana kuchita izi phunziroli likatha.

1. Jambulani mzere wa zaka pa bolodi, ndipo ana aikepo zimene zinachitika mu 1898, 1928, 1941, 1949, 1964, 1992, 2009 ndi 2024.

2. Mwana aliyense akafunse agogo kapena wachikulire wa m'mudzi za njala ya 1992: ankadya chiyani, anagulitsa chiyani, ndipo thandizo linachokera kuti? Akafunsenso makolo ake zomwezo za 2024, kenaka kalasi iyerekeze mayankho.

3. Ikani chitini choongoka m'mbali pabwalo la sukulu, patali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse yezani madzi a mvula ndi rula, lembani m'buku, ndipo muwataye. Pakutha pa dzinja werengani masiku amene anapita popanda mvula m'Januwale ndi m'Febuluwale. Bukulo lisungidwe pa sukulu kuti a chaka chamawa adzapitirize.

4. Ana atchule mbewu zisanu za kwawo zimene zimapirira ng'amba, ndipo mbewu ziwiri mwa izo zibzalidwe m'munda wa sukulu.

5. Kambiranani funso ili: n'chifukwa chiyani maiko osauka amanena kuti ndalama za kusintha kwa nyengo zizibwera ngati mphatso, osati ngongole?